MAPANGA AŴIRI AVUMBWITSA

Madzulo ano ndikufuna tikambirane za chinthu chimene chimatidyera nthaŵi ndi ndalama pa ntchito zathu, koma sichilembedwa m'buku la ndalama la munthu aliyense. Chinthucho ndi chizoloŵezi chodumphadumpha pa ntchito: kusiya iyi isanathe, kugwirako iyo, kubwerera ku yoyamba ija, kenaka n'kuthamangira inanso. Ambiri a ife timakuyesa kuchangamuka. Inenso ndinkaganiza choncho kufikira tsiku lina pa Chinakanaka, m'boma la Mulanje.

Lidali tsiku la msika, sukulu zili pafupi kutsegulidwa. Achemwali anga adandituma kukasoketsa yunifolomu ya mwana wawo, ndipo adandipatsa nsalu imene adagula atagulitsa nandolo. Telala amene ndidapitako ndi bambo wachikulire waluso lodziŵika, amene amasokera pakhonde la sitolo moyang'anana ndi msewu. Pambali pa makina osokera padali kathebulo kena. Bamboyo amatumiziranso anthu ndalama pa foni ndi kugulitsa mayunitsi, pakuti masiku ano singano yokha sidyetsa banja chaka chonse.

Adamuyesa mwana uja ndi tepi, nalemba miyeso yake m'kope, munsi mwa miyeso ya ana ena ambirimbiri. Adayala nsalu, natenga choko. Asanathe kulemba mzere woyamba, padafika mayi wina.

"Odi bambo, munditumizireko ndalama izi kwa mwana wanga ku Limbe."

Telala adaika choko pansi, naŵerenga nambala ya foni kaŵiri, naŵerenganso ndalama, natumiza. Atangogwira tepi, mnyamata wa kabaza adaima kufuna mayunitsi. Atachoka ameneyo, foni idalira: wina ankakumbutsa za msonkhano wa kumpingo. Wachinayi kuwasokoneza ndidali ine mwini. Poona kuti kukhala duu pakhonde la munthu wamkulu n'kupanda ulemu, ndidawafunsa za mitengo ya nandolo chaka chimenecho. Adandiyankha mwaulemu, maso ali m'kope, natenga sizasi, nadula.

Atakweza nsaluyo m'mwamba adakhala chete kanthaŵi.

"Ha! Achimwene, ndalakwa. Ndadula muyeso wa mwana wa eni."

Diso lawo lidagwera pa mzere wapamwamba, pa miyeso ya mwana wocheperapo. Nsalu yodulidwa sibwerera. Bamboyo adaloŵa m'sitolo nagula ina ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndipo phindu la tsiku la msika lidathera pomwepo. Tikudikira, adanena mau amene sindidawaiŵale mpaka lero.

"Koma ndalakwa bwanji ine? Zaka zonsezi ndikudula nsalu. Anthu aja sanandichedwetse ai. Aliyense kamphindi kamodzi kokha."

Omvera anga, nkhani yonse yagona pa kamphindi kameneka. Telala adaŵerenga nthaŵi imene adatha potumiza ndalama ndi poyankha foni, naipeza yochepa, ndipo sadaname. Chimene sadaŵerenge ndi ulendo wa maganizo ake kuchoka ku nsalu kupita ku ndalama, ndi kuchokanso ku ndalama kubwerera ku nsalu. Ulendo umenewo suoneka ndi maso, koma umalipiritsa.

Tisanapite patali, tiyeni tiyese tonse pompano. Ŵerengani mokweza kuyambira 1 mpaka 10. Mwatha. Tsopano tchulani zilembo kuyambira A mpaka J. Mwathanso, ndipo simunapunthwe paliponse. Tsono sakanizani: nambala imodzi, chilembo chimodzi. 1 A, 2 B, 3 C, mpaka mufike pa 10 J. Ndikhulupirira kuti ambiri mwachedwa cha pakatikati, ena mwabwerera m'mbuyo kukayambiranso, ena mwadumpha chilembo osazindikira. Manambala ndi omwe aja, zilembo ndi zomwe zija, mutu ndi womwe uja. Chaonjezeka ndi chimodzi chokha: kusinthasintha.

Anthu adachiona kale chinthu chimenechi. M'chaka cha 1776, katswiri wa za chuma wa ku Scotland, Adam Smith, adalemba za anthu 10 opanga mapini. Aliyense adali ndi gawo lake la ntchito, ndipo pamodzi ankatha kupanga mapini okwana 48,000 pa tsiku. Pofotokoza chimene chinkawathandiza, Smith adatchula zifukwa zitatu, ndipo chimodzi mwa izo chidali chakuti anthuwo sankataya nthaŵi posamuka kuchoka pa ntchito ina kupita pa inzake. Chitsanzo chake chidali cha munthu wakumudzi woomba nsalu amene amalimanso kamunda. Adaona kuti munthu wotere amataya nthaŵi yambiri pakati pa nsalu ndi munda, ndipo akafika pa ntchito yatsopano mtima wake suyamba wakhazikika. Mukadamuonetsa Smith khonde lija la pa Chinakanaka, sakadadabwa konse.

M'chaka cha 1927, Arthur Jersild wa ku America adachiyesa chinthuchi ndi wotchi. Adapatsa anthu mindandanda ya manambala. Pena ankawauza kuti aphatikize okhaokha, pena achotsere okhaokha, ndipo pena asinthanitse: apa kuphatikiza, apa kuchotsera. Posinthanitsapo anthu ankachedwa kwambiri. Koma adapezanso chinthu china chofunika kuchimvetsa. Ntchito ziŵirizo zikakhala zosafanana konse, ina ya manambala ina ya mau, kuchedwa kuja kunkazimirira, chifukwa chinthu chimene chili pamaso pa munthu chinkamuuza chokha choti achite. Vuto linkakula pamene ntchito ziŵiri zikugwiritsa zinthu zofanana. Taganizirani tsono za telala uja. Miyeso ya m'chiuno ndi manambala. Nambala ya foni ndi manambala. Ndalama ndi manambala. Zonse zinkapyola pakhomo limodzi la m'mutu mwake.

Amene mudapitako kuchigayo mukudziŵa kuti mwini chigayo akafuna kusintha sefa, makina amayamba aima. Amamasula, kuchotsa sefa, kuika ina, kumanga, kenaka n'kulizanso. Nthaŵi yonseyo ufa sutuluka, koma tsiku likupita. N'chifukwa chake wachigayo wanzeru sasintha sefa pa dengu lililonse. Amayamba wagaya onse ofuna ufa wa mtundu umodzi. Mutu wa munthu nawo uli ndi sefa zake. Ntchito iliyonse yofuna kuganiza ili ndi malamulo ake amene mutu umayenera kuwagwira, ndipo posintha ntchito umasiya aŵa n'kutola aŵo. Ofufuza aŵiri a ku England, Robert Rogers ndi Stephen Monsell, adaonetsa mu 1995 kuti ngakhale munthu adziŵiretu kuti ntchito isintha, napatsidwa nthaŵi yokonzekera, kuchedwako kumachepa koma sikutheratu. Mu 2001 Joshua Rubinstein, David Meyer ndi Jeffrey Evans adapeza kuti ntchito ikakhala yovuta, kapena yosazoloŵereka, nthaŵi yotayika posintha imachulukirachulukira.

Tsono zimene timataya ndi zitatu, ndipo ndizitchula chimodzichimodzi.

Choyamba ndi nthaŵi yobwerera. Gloria Mark ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Irvine adatsatira anthu ogwira ntchito m'maofesi ali ndi wotchi m'manja, nasindikiza zimene adapeza mu 2005. Adapeza kuti munthu ankakhala pa ntchito imodzi mphindi pafupifupi 11 zokha asanasinthe kapena kusokonezedwa. Ntchito yosokonezedwayo ikabwereredwa tsiku lomwelo, pankapita mphindi pafupifupi 25, ndipo pakati pake munthuyo ankakhala atagwirako ntchito zina ziŵiri. Munthu sabwerera molunjika kumene adachoka. Amapatukira kwina, ngati mwana wotumidwa kukagula mchere amene wapeza anzake akuseŵera mpira panjira.

Chachiŵiri ndi maganizo otsalira m'mbuyo. Mu 2009 Sophie Leroy adaonetsa kuti munthu akasiya ntchito isanathe n'kuyamba ina, mbali ina ya maganizo ake imatsalira ku yoyamba ija, ndipo yachiŵiriyo saigwira bwino. Mayi aliyense amene adasiyapo ndiwo pamoto n'kupita kukalandira mlendo kubwalo akudziŵa zimene ndikunenazi. Thupi lili pamphasa, pakamwa pakufunsa za kumudzi, koma mtima uli kukhitchini. Mlendo samvedwa bwino, ndiwo nazo sizisamalidwa.

Chachitatu, chimenenso n'choopsa koposa, ndi zolakwa. Erik Altmann wa ku Michigan State University ndi anzake adapatsa anthu ntchito yofuna kutsatira ndondomeko, nawasokoneza mwa apo ndi apo. Zimene adasindikiza mu 2014 zidaonetsa kuti chisokonezo cha masekondi 2.8 okha chidachulukitsa kaŵiri zolakwa za kudumpha kapena kubwereza sitepe. Masekondi osakwana atatu, omvera anga, ndi nthaŵi yongokwanira kunena kuti "Mwaswera bwanji?" Ku Sydney, m'dziko la Australia, Johanna Westbrook ndi anzake adapenyerera anamwino 98 m'zipatala ziŵiri akupereka mankhwala maulendo 4,271. Lipoti lawo la mu 2010 lidaonetsa kuti nthaŵi iliyonse imene namwino wasokonezedwa, mpata wolakwitsa mankhwala unkakwera ndi pafupifupi 13 pa 100. Pa telala, chotayika ndi nsalu. Pa namwino, chingathe kukhala moyo wa mwana wanu.

Mwina mukufunsa kuti, ngati chinthuchi chili choononga chotere, bwanji sitichiona? Yankho lake n'lakuti chimadya ngati nankafumbwe. Thumba la chimanga limaoneka lodzaza, koma tsiku lopita kuchigayo mupeza kuti theka ndi fumbi. Nsalu ikaonongeka timati telala wakalamba. Kalaliki akalemba makilogalamu a mlimi uyu pa dzina la mlimi uyo timati ndi wosasamala, penanso timamutcha wakuba. Palibe amene amaŵerenga kuti munthuyo adaitanidwa kangati ali pakati pa mzere. Chinanso n'chakuti kudumphadumpha kumakoma. Munthu amamva ngati akufunidwa ndi onse, thukuta likutuluka, tsiku likuthamanga. Gloria Mark yemwe uja adapeza mu 2008 kuti anthu osokonezedwa amafulumiza manja kuti abweze nthaŵi yotayikayo, ndipo ntchito amaimalizadi, koma amatsala ndi nkhaŵa, kukwiya ndi kutopa kwakukulu. Ndiye kuti ngongoleyo imalipiridwabe, kungoti amalipira ndi thupi. Bambo amene amafika kunyumba madzulo ali wolefuka, osatha kuloza chimene wamaliza tsiku lonse, kaŵirikaŵiri sikuti ndi waulesi. Wasintha sefa kambirimbiri, ufa wochepa.

Ine ndidayamba kulaŵa zimenezi ndikuphunzira zauphunzitsi, pamene adatitumiza kukayesera ntchito pa sukulu ina yakumudzi. Aliyense akudziŵa kuti chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere ndipo ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi athu ambiri ndi odzaza. Ndinkayesa kuchonga makope uku ndikuyang'anira ana akulemba, uku ndikuyankha makolo obwera pakhomo la kalasi. Tsiku lina ndidapatsa mtsikana wina malikisi a mnzake. Mwanayo adalira osatonthozeka, poopa zimene akamve kwa bambo ake. Ndidakonza m'maŵa mwake, koma usiku umodzi wa misozi sindikadatha kumubwezera. Mphunzitsi wachikulire wa pasukulupo adandiuza kuti: "Aphunzitsi, pophunzitsa phunzitsani, pochonga chongani. Mapanga aŵiri avumbwitsa." Nthaŵi imeneyo ndidangoti ndi mwambi wa akulu. Pakhonde la pa Chinakanaka m'pamene ndidaumvetsa.

Apa wina anena kuti: "Iwe wa pa wailesi ukuyankhula za anthu a m'maofesi a ku America. Ife kuno tikapanda kugwira ziŵiri zitatu, ana agona ndi njala." Mau ameneŵa ndi oona, ndipo sindiwatsutsa. Telala uja sadayambe kutumiza ndalama chifukwa cha dyera. Ntchito yosoka imachuluka sukulu zikamatsegulidwa ndi nyengo ya Khirisimasi, miyezi ina makina amangogona. Mphunzitsi ali ndi munda, mlimi ali ndi kageni, namwino mmodzi amaona mzere wautali wa odwala. Sindikuti munthu akhale ndi ntchito imodzi yokha. Ndikuti ntchito zikachuluka, m'pamene zimafunika kupatsidwa iliyonse nthaŵi yake. Wosauka ndiye woyenera kusamala koposa, pakuti wolemera akaononga nsalu amangogula ina osamva kuŵaŵa.

Wina anenanso kuti: "Nanga amayi athu aja, amene amasenza mtsuko pamutu, mwana kumsana, uku akucheza ndi anzawo, osataya dontho?" Zoonadi. Koma kuyenda ndi kusenza ndi ntchito zimene thupi lidazizoloŵera kuyambira ubwana, kotero sizipempha maganizo. Ntchito yozoloŵereka imatha kuyenda limodzi ndi inzake. Zosayenda limodzi ndi ntchito ziŵiri zimene zonse zikufuna kuŵerenga, kuyeza, kukumbukira kapena kusankha. Mayi yemweyo mumufunse kuti aŵerengere chenji cha tomato uku wina akumuuza nambala ya foni kuti aisunge pamtima, muona kuti chimodzi chigwa.

Chovuta kwenikweni kwa ife Amalaŵi ndi ulemu. Tidaleredwa kuti munthu sapitirira mnzake osapereka moni, ndipo wopatsidwa moni sayankha ali chozolikira pa ntchito. Ndi mwambo wabwino, ndipo sindifuna kuti ufe. Koma makolo omwewo amene adatiphunzitsa moni adatiphunzitsanso "odi". Munthu amaima pabwalo, nagogoda ndi mau, nadikira kufikira eninyumba atati aloŵe. Sathamangira m'nyumba chifukwa choti ali ndi moni wabwino. Ntchito ya munthu nayo ndi nyumba. Ndikakumbukira tsiku lija ndimachita manyazi, chifukwa mwa anthu anayi amene adasokoneza bambo aja, atatu adali ndi chosoŵa chenicheni. Ine ndekha ndidalibe. Ndidaloŵa popanda odi, m'dzina la ulemu.

Foni ya m'manja ndiyo mlendo wosadziŵa odi konse. Imalira pamaliro, m'kalasi, pachiwongolero cha galimoto. Uthenga uliwonse wa pa WhatsApp umabwera ngati wofulumira, ngakhale uli chithunzi chongofunira anthu tsiku labwino. Ndipo sikuti nthaŵi zonse imatiitana ndiyo. Nthaŵi zambiri timaitola tokha isanalire, pongofuna kuona ngati kwabwera kanthu. Akulu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Kodi alipo amene adachigonjetsa chinthuchi? Alipo, ndipo ena ali ku Mulanje konko. Pitani m'minda ya tiyi nyengo ya mvula mukaone wothyola waluso. Maso ake amafuna chinthu chimodzi: masamba aŵiri ndi kansonga. Manja onse aŵiri amavina pamwamba pa tiyi, dengu lili kumsana, ndipo sathamangira ku sikelo ndi dzanja lililonse la masamba. Kuyeza kuli ndi nthaŵi yake, kuthyola kuli ndi nthaŵi yake. Akadati azipita ku sikelo mphindi zisanu zilizonse, dzuŵa likadaloŵa dengu lisanafike pakati.

Ena ndi oyendetsa ndege. Pa 11 September 1974, ndege ina idagwa ikuyandikira bwalo la ku Charlotte, m'dziko la America, ndipo anthu 72 adafa. Ofufuza atamvetsera mau ojambulidwa m'chipinda cha oyendetsa, adapeza kuti ankacheza nkhani zosakhudza ulendo pa nthaŵi yofunika kuyang'anira kutsika kwa ndegeyo. Mu 1981 boma la dzikolo lidaika lamulo lakuti ndege ikamanyamuka, ikamatera, kapena ikakhala pansi pa mafiti 10,000, oyendetsa asayankhule kapena kuchita china chilichonse chosakhudza kuyendetsa. Mafiti 10,000 ndi mamita opitirira pang'ono 3,000. Nsonga ya Sapitwa, pamwamba pa phiri la Mulanje, ndi mamita 3,002. Choncho inu a pa Chinakanaka mukayang'ana phiri lanulo, dziŵani kuti ndege ikatsika kufika pa msinkhu ngati umenewo, macheza onse amatha. Lamulolo silikuti oyendetsa asamacheze ulendo wonse. Likungoti pali kachigawo ka ntchito kamene kulakwa kwake sikubwezeka, ndipo kachigawo kameneko kamangiridwe mpanda.

Ntchito iliyonse ili ndi kachigawo kotere. Kwa telala ndi kuyambira pogwira choko kufikira sizasi itadula. Kwa namwino ndi poŵerenga ndi kupereka mankhwala. Kwa kalaliki wa pa sikelo ndi pakati pa kuona muyeso ndi kuulemba. Kwa wotumiza ndalama pa foni ndi pamene akulemba nambala. Kwa mlimi ndi posakaniza mankhwala opopera mbewu. Kwa mayi wophika ndi pamene ufa waloŵa mu mphika ndipo mthiko wayamba kuvundula. Aliyense akudziŵa nsima imene imatuluka akaisiya pamenepo.

Tsono ndikusiyireni malangizo anayi oti muyese sabata lino.

Loyamba: pezani kachigawo ka ntchito yanu kamene kulakwa kwake sikubwezeka, ndipo mukamangire mpanda. Mukaloŵamo, foni igone chafufumimba kapena ikhale m'thumba. Wobwera muuzeni mwaulemu kuti: "Ndakuonani, takhalani pansi, ndingomaliza mzere uno." Munthu woonedwa ndi kupatsidwa mpando sadandaula kudikira mphindi ziŵiri.

Lachiŵiri: unjikani ntchito zofanana, monga achitira wachigayo. Ngati muli ndi nsalu zisanu zodula, dulani zonse m'mamaŵa anthu asanachuluke, ndipo masana musoke, pakuti kupalasa makina ndi ntchito imene manja adaizoloŵera ndipo imapirira macheza. Ngati muli mu ofesi, makalata ndi mauthenga akhale ndi nthaŵi zawo, kaŵiri kapena katatu pa tsiku, osati nthaŵi iliyonse imene afika.

Lachitatu: ngati simungachitire mwina koma kusiya ntchito pakati, siyani chizindikiro. Sophie Leroy ndi Theresa Glomb adaonetsa mu 2018 kuti munthu akalemba mwachidule pamene wasiyira ndi chimene adzayambire pobwera, maganizo ake amamasuka ndipo ntchito imene yamusokonezayo amaigwira bwino. Alimi adachidziŵa kale: poŵeruka amasiya khasu kapena kamtengo pa mzere umene alekezera. Ikani chala, choko kapena kapepala pa mzere wanu musanadzutse mutu. Pobwera, musayambire pamene mukuganiza kuti mudasiyira. Bwererani sitepe imodzi m'mbuyo, muŵerengenso.

Lachinayi ndi la ife osokoneza anzathu, makamaka amene tili ndi maudindo. Bwana amene amaitana kalaliki wake kakhumi m'maŵa umodzi, kenaka n'kumukalipira madzulo kuti ntchito sinathe, akudzibera yekha. Sungani mafunso anu muwafunse pamodzi. Mukafika kuchipatala n'kupeza namwino akuŵerenga mapiritsi, moni wanu udikire. Mukapeza munthu akuŵerenga ndalama, akuyeza, kapena akudula, imani poti akuoneni, ndipo muyankhule akadzutsa maso. Kudikira kotere ndi ulemu woposa moni wofulumira.

Patapita miyezi ingapo ndidadutsanso pa Chinakanaka, ndipo ndidapatuka kukaona bambo aja. Ndidawapeza ataŵeramira nsalu, choko m'manja. Pa kathebulo ka ndalama padakhala mdzukulu wawo amene adamaliza sukulu. Ndidaima chapatali osanena kanthu. Adadula mpaka kumapeto, napinda nsaluyo, naika sizasi pansi, ndipo m'pamene adadzutsa maso.

"Achimwene! Mwafika nthaŵi yanji?"

"Posachedwapa, bambo. Ndinati muyambe mwamaliza."

Adaseka nandikokera mpando. Adandiuza kuti masiku ano amadula m'mamaŵa msika usanadzaze, ndipo mdzukuluyo akachokapo, wofuna kutumiza ndalama amadikira kufikira sizasi itagona pansi. Ndidawafunsa ngati anthu sathaŵira kwa ena poona kuti akudikiritsidwa.

"Alipo amene amapita," adatero. "Koma phindu la munthu mmodzi wotumiza ndalama ndi lochepa. Nsalu imodzi ndikaiononga, ndagwira ulele tsiku lonse. Kale ndinkaŵerenga okhawo amene ndawatumikira. Zimene ndinkataya sindinkaziŵerenga."

Omvera anga, nthaŵi yathu yathera pamenepa. Maŵa mukapita ku ntchito, kaya ndi kumunda, kumsika, m'kalasi kapena mu ofesi, tengani kapepala kapena timiyala m'thumba. Nthaŵi iliyonse imene mwasiya ntchito isanathe, ikani chizindikiro chimodzi. Dzuŵa likaloŵa muŵerenge, ndipo mudzifunse kuti mwa zonsezo n'zingati zimene zikadatha kudikira. Mutilembere kalata mutiuze zimene mwapeza, tidzaŵerenge pamodzi pa pulogalamu ino.